Chuma cha Kudzala: Mbiri ya Makina a Masewera a Pakanema

Pa 26 Epulo, 2014, khamu la anthu lidasonkhana kudzala lakale la mzinda wa Alamogordo, m'chigawo cha New Mexico ku America. Tsikulo kudali chimphepo ndi fumbi losaneneka, koma anthuwo adapirira. Sadapite kumeneko kukataya zinyalala ayi. Adapita kukaonerera makina okumba akufukula zimene zidakwiriridwa pamalopo zaka zoposa 30 m'mbuyomo. Padali atolankhani, ojambula filimu, ndiponso abambo ndi amayi a misinkhu yawo amene adayenda mitunda italiitali. Patapita maola angapo, mmodzi mwa okumbawo adatukula m'mwamba kabokosi kophwanyika, kodzaza dothi, ndipo khamu lija lidakuwa mokondwera. M'kabokosimo mudali masewera a ana otchedwa E.T., amene kampani ya Atari idawataya m'chaka cha 1983 chifukwa chosowa owagula.

Munthu angadabwe kuti anthu aakulu, anzeru zawo, angavutikirenji chotero ndi zotayidwa. Yankho lake lili m'mbiri ya makina osewerera masewera pawailesi yakanema m'nyumba, ndipo mbiriyo imayamba ndi munthu wothawa kwawo.

Ralph Baer adabadwira ku Germany m'chaka cha 1922, m'banja la Ayuda. Ali mnyamata adachotsedwa sukulu kaamba ka malamulo atsankho a chipani cha Nazi, ndipo mu 1938 banja lake lidathawira ku America. Kumeneko adaphunzira kukonza mawailesi, kenaka adachita maphunziro a luso la wailesi yakanema. Pofika 1966 ankagwira ntchito kukampani ya Sanders Associates, imene inkapanga zipangizo za asilikali. M'chaka chimenecho adalemba masamba anayi ofotokoza ganizo limene lidamuvuta kwa nthawi yaitali. Nyumba zambirimbiri za ku America zidali ndi wailesi yakanema, koma eniake ankangokhala chete n'kumaonerera zimene ena awakonzera. Baer adafuna kuti woonerayo athe kulamula zimene zikuchitika pagalasi la wailesiyo ndi manja ake. Mothandizana ndi anzake awiri, Bill Harrison ndi Bill Rusch, adapanga makina oyesera amene adadziwika ndi dzina loti Brown Box, chifukwa adawamata pepala looneka ngati thabwa.

Makampani angapo adawaona makinawo nakana. Pomalizira pake kampani ya Magnavox idavomera, ndipo mu 1972 idawatulutsa pamsika ndi dzina loti Odyssey, pamtengo wa pafupifupi madola 100. Awa ndiwo adali makina oyamba a mtundu wawo kugulitsidwa padziko lonse. Wophunzira wa lero atawaona akhoza kuseka. Pagalasi pankangooneka timadontho toyera toyendayenda ndi kamzere kamodzi. Makinawo sankatulutsa mawu aliwonse, ndiponso sankatha kuwerenga zigoli, kotero kuti osewera ankalemba okha papepala. Pofuna kuti paoneke bwalo la mpira kapena nyumba, munthu ankamata pulasitiki wojambulidwa pagalasi la wailesi yakanema. Malonda ake sadayende bwino kwenikweni, mwa zina chifukwa ogula ambiri adaganiza kuti makinawo amagwira ntchito ndi mawailesi a Magnavox okha. Pofika 1975 adali atagulitsidwa pafupifupi 350,000.

Mwa anthu amene adaonerera chionetsero cha Odyssey mu Meyi 1972 mudali mnyamata wina dzina lake Nolan Bushnell. Chaka chomwecho iye ndi mnzake Ted Dabney adakhazikitsa kampani ya Atari, nauza injiniya wawo Allan Alcorn kuti apange masewera omenyerana kampira pagalasi. Masewerawo adawatcha Pong, ndipo adawaika m'bokosi lalikulu loponyamo makobidi m'nyumba ina yomwera mowa ku Sunnyvale, m'chigawo cha California. Pasanapite nthawi mwini malowo adadandaula kuti makina awonongeka. Alcorn atatsekula adapeza kuti palibe chimene chawonongeka, koma kuti chotengera makobidi chadzaza mpaka kusefukira. Mu 1975 Atari idatulutsa Pong wa m'nyumba. Magnavox idapita kukhoti kukadandaula kuti ganizolo lidali lobedwa, ndipo mu 1976 Atari idavomera kulipira kuti mlandu uthe. Ngakhale zidatero, kwa zaka zambiri dzina limene linkamveka lidali la Bushnell. Baer adadikira mpaka 2006 kuti alandire mendulo yaulemu kuchokera kwa pulezidenti wa dzikolo, ali ndi zaka zoposa 80.

Makina a nthawi imeneyo adali ndi vuto limodzi lalikulu: masewera ake adali omangiriridwa m'kati, kotero kuti munthu akatopa nawo makina onse ankasanduka chipukusi chopanda ntchito. Vutoli lidatha mu 1976 pamene kampani ya Fairchild idatulutsa makina otchedwa Channel F. Amene adatsogolera ntchitoyo adali Jerry Lawson, mmodzi mwa mainjiniya akuda ochepa kwambiri amene ankagwira ntchito zotere masiku amenewo. Makinawa ankalandira katiriji, kabokosi kapulasitiki kosunga masewera m'kati mwake, kamene munthu ankalowetsa ndi kutulutsa monga momwe kaseti imalowera m'wailesi. Kuyambira pamenepo makina ndi masewera zidakhala malonda awiri osiyana. N'zofunika kukumbukira mfundo imeneyi, pakuti popanda katiriji sipakadakhala chinthu choti anthu azitolera ndi kusunga m'mashelefu.

Amene adapindula kwambiri ndi nzeru ya katiriji adali a Atari. Makina awo a 1977, amene pambuyo pake adatchedwa Atari 2600, adagulitsidwa pafupifupi 30 miliyoni. Malo amene makinawa ankasungirapo zinthu pamene masewera akuyenda ankakwana zilembo 128 zokha, osakwana ndi uthenga umodzi wodzaza wa palamya ya m'manja. Komabe m'kampata kakang'ono chotero akatswiri ankatha kupanga ndege zowuluka, akasinja omenyana ndi zilombo zotsika kumwamba. Luso lawo lidali lalikulu ndithu, koma kampani inkakana kulemba maina awo pamabokosi. Mmodzi mwa iwo, Warren Robinett, adabisa dzina lake m'kachipinda kachinsinsi m'masewera otchedwa Adventure, osauza mabwana ake. Ena anayi adangochoka mu 1979 n'kukayambitsa kampani yawoyawo ya Activision, yopanga masewera oyenda pamakina a Atari.

Khomo limene anayiwo adatsekula lidalowetsa abwino ndi oipa omwe. Aliyense amene adamva kuti m'masewera muli ndalama adathamangira komweko, ngakhale makampani amene sankadziwa kanthu za lusoli. Masitolo adadzaza ndi makatiriji opangidwa mothamanga, ndipo kholo logulira mwana wake lidalibe njira yosiyanitsira abwino ndi achabechabe. Atari yomwe idagwa m'mbuna yomweyo. Mu 1982 idalipira ndalama zankhaninkhani kuti ipange masewera ochokera pafilimu yotchuka ya E.T., ndipo pofuna kupezerera malonda a Khirisimasi idapatsa Howard Scott Warshaw masabata pafupifupi asanu okha, pamene ntchito yotere inkatenga miyezi yambiri. Ana amene adawalandira ankangogwera m'maenje a m'masewerawo osadziwa potulukira, ndipo makatiriji ambiri adabwezedwa kumasitolo. Anthu akhala akunena kuti E.T. ndiye adagwetsa malonda onse, koma uku n'kusenzetsa munthu mmodzi mlandu wa mudzi. Msika udali utadwala kale. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada: mu 1983 mokha Atari idaluza madola oposa 500 miliyoni, ndipo malonda a masewerawa ku America, amene adafika pamadola oposa 3 biliyoni, adatsika kufika pafupifupi 100 miliyoni pofika 1985. Mu Seputembala 1983 magalimoto akuluakulu adanyamula katundu wotsala kuchokera kunkhokwe ya Atari ku El Paso kukamutaya ku Alamogordo, ndipo pamwamba pake adathirapo simenti.

Eni masitolo a ku America adatsimikiza kuti masewera a pakanema adali chimkoka cha kanthawi chabe. Koma kutsidya la nyanja, mumzinda wa Kyoto ku Japan, kudali kampani yakale ya Nintendo, imene idayamba mu 1889 ndi ntchito yopanga makadi osewerera. Pa 15 Julaye, 1983, m'chaka chomwe chija cha tsoka la Atari, kampaniyi idatulutsa makina ofiira ndi oyera otchedwa Famicom, opangidwa motsogozedwa ndi Masayuki Uemura. Itaona kuti kwawo ayenda malonda, idawasintha maonekedwe kuti afanane ndi makina oonetsera vidiyo, niwatcha Nintendo Entertainment System, n'kuyamba kuwagulitsa ku New York mu Okutobala 1985. Mtsogoleri wa kampaniyo, Hiroshi Yamauchi, adaphunzirapo kanthu pakugwa kwa anzake. M'makina a ku America adaikamo kachipangizo kokana katiriji iliyonse yopanda chilolezo, ndipo makampani ena ankaloledwa kutulutsa mitundu isanu yokha ya masewera pachaka. Ambiri adadandaula kuti ulamuliro umenewu udali wankhanza, ndipo dandaulo lawo lidali ndi pomveka. Komabe makolo adayambanso kukhulupirira zimene akugula. Masewera a Super Mario Bros., amene Shigeru Miyamoto ndi anzake adapanga mu 1985, adafika m'nyumba zoposa 40 miliyoni, ndipo makinawo adagulitsidwa oposa 61 miliyoni padziko lonse.

Pali mbali ina ya mbiriyi imene mabuku a ku America ndi ku Japan satchula kawirikawiri. M'maiko ambiri ana sadaonepo makina enieni a Nintendo. Adakulira pamakina otengera, opangidwa ku Taiwan ndi ku China popanda chilolezo, amene ankagulitsidwa motchipa pamodzi ndi makatiriji olonjeza masewera zikwizikwi, chonsecho m'kati muli ochepa okha obwerezedwabwerezedwa. Ku Russia makina otere adatchuka kuyambira 1992 ndi dzina loti Dendy, ndipo ku South Africa ambiri amakumbukira otchedwa Golden China. Kuno ku Malawi nyumba youlutsira zithunzi pakanema idatsekulidwa mu 1999, kotero kuti m'zaka zimene Atari ndi Nintendo ankalimbirana msika, wailesi yakanema yeniyeniyo idali chinthu chosowa m'makomo ambiri.

Zaka zotsatira zidali za mpikisano. Kampani ya Sega idatulutsa Mega Drive mu 1988, Nintendo idayankha ndi Super Famicom mu 1990, ndipo ana a sukulu ankakangana za Mario ndi Sonic monga momwe anthu amakanganira za matimu a mpira. Mu 1991 Nintendo idathetsa mwadzidzidzi mgwirizano umene idali nawo ndi Sony wopangira limodzi makina oyendera madisiki. Sony idapitiriza yokha, ndipo mu Disembala 1994 idatulutsa PlayStation, imene idagulitsidwa kuposa 100 miliyoni. Disiki idali yotchipa kupanga ndiponso inkasunga zambiri, motero katiriji idayamba kuzilala. Sega idasiya kupanga makina mu 2001. Makina akale adalongedzedwa m'makatoni, ena adapatsidwa kwa achibale, ena adagulitsidwa pamtengo wotaya m'misika ya zinthu zogwiritsidwa kale ntchito.

Kumeneko ndiko otolera oyamba adawapeza. Ambiri adali ana a m'zaka za m'ma 1980 amene tsopano adali pantchito, ndipo ankafuna kugwiranso ndi manja zimene adasewera ali aang'ono, kapena zimene makolo awo adalephera kuwagulira. Poyamba chidali chizolowezi cha anthu ochepa, osinthana makatiriji ndi kulemba mindandanda ya masewera onse amene adatulukapo. Intaneti itafala, wogula wa ku London adatha kupeza wogulitsa wa ku Osaka, ndipo zidadziwika kuti ndi ziti zosowa. Mwachitsanzo, masewera a Stadium Events a 1987 adachotsedwa m'masitolo a ku America atangotuluka kumene, ndipo makatiriji amtundu wagolide a mpikisano wa Nintendo World Championships wa 1990 adapangidwa 26 okha. Zotere zidayamba kugulidwa pamtengo wa galimoto.

Kenaka padalowa anthu ena amene cholinga chawo sichidali kusewera. Padabuka makampani oyesa makatiriji ndi kuwapatsa magiredi, monga momwe fodya amamuikira magiredi asanapite kuokushoni, n'kuwatsekera m'mabokosi oonekera m'kati osatsekulika. Mu Malichi 2020 makina oyesera a mgwirizano wolephereka uja wa Nintendo ndi Sony adagulidwa pamadola 360,000. Mu Julaye 2021 katiriji yosatsekulidwa ya Super Mario 64 idagulidwa pamadola 1.56 miliyoni, ndipo mwezi wotsatira ya Super Mario Bros. idafika pa 2 miliyoni. Otolera akale ambiri adakayikira mitengo imeneyi, pakuti awa sadali masewera osowa: adagulitsidwa mamiliyoni, ndipo chimene chinkagulidwa kwenikweni chidali pulasitiki wokutira bokosi. Pambuyo pake mitengo yambiri yotere idatsika. Pano pali chodabwitsa. Katiriji imene mwana adaikonda, naisewera mpaka chizindikiro chake kufufutika, naikanda dzina lake kumbuyo, ndiyo yotchipa. Yodula ndi imene sidasangalatsepo munthu aliyense.

Amene amatolera kuti azisewera ali ndi nkhondo yawoyawo, yolimbana ndi nthawi. Pulasitiki wotuwa wa makinawa amasanduka wachikasu akamakalamba. Tizipangizo tina ta m'kati timadontha madzi amene amadya mawaya. Makatiriji ena, monga a The Legend of Zelda, ali ndi kabatire kosungira pamene wosewera adalekezera, ndipo kabatireko kakatha zonse zimafufutika. Ana a masiku amenewo adali ndi chizolowezi chouzira mpweya m'katiriji ikakana kuyaka, osadziwa kuti chinyezi cha m'kamwa chimachititsa dzimbiri. Chimene chinkathandiza kwenikweni kudali kuitulutsa ndi kuilowetsanso. Vuto lina ndi wailesi yakanema imene. Makina akale adapangidwira mawailesi a chimimba chachikulu kumbuyo, ndipo pamawailesi amakono opyapyala zithunzi zake zimaoneka zosalongosoka. Kamfuti kowombera abakha m'masewera a Duck Hunt sikagwira ntchito n'komwe pagalasi lamakono. N'chifukwa chake mawailesi olemera aja, amene anthu ankavutika kupeza kowataya, akufunidwanso ndi otolera. Wotolera weniweni amasanduka mmisiri: amaphunzira kuwotcherera mawaya, kusintha mabatire ndi kutsuka tizitsulo ta katiriji.

Koma makina onsewa tsiku lina adzaleka kuyaka, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imaposa zosangalatsa za munthu mmodzi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 anthu odzipereka akhala akulemba mapologalamu a pakompyuta otsanzira makina akale, ndi kukopera zimene zili m'makatiriji kuti zisatayike. Imodzi mwa ntchito zotere, yotchedwa MAME, idayambitsidwa ndi Nicola Salmoria wa ku Italy mu 1997. Eni masewera amaona kugawana makope otere ngati kuba, ndipo malamulo a umwini wa luso ali kumbali yawo. Nthawi zina iwo eni amatulutsanso zakale: mu 2016 Nintendo idagulitsa timakina ting'onoting'ono tooneka ngati ta 1985 tokhala ndi mitundu 30 ya masewera, ndipo tidatha m'masitolo mofulumira. Koma kampani imatulutsanso zokhazo zimene ikuona kuti zibweretsa phindu. Kafukufuku amene bungwe la Video Game History Foundation lidafalitsa mu 2023 adapeza kuti mwa masewera 100 aliwonse amene adatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010, okwana 87 sankapezekanso pamalonda. Buku lakale munthu amakalipeza kulaibulale n'kuliwerenga. Masewera akale amafuna katiriji yamoyo, makina amoyo ndi wailesi yoyenera, zonse pamodzi. Nyumba zosungira zinthu zakale monga Computerspielemuseum ya ku Berlin, imene idatsekulidwa mu 1997, ndi The Strong ya ku Rochester m'chigawo cha New York, zimagwira ntchito imeneyi, koma zambiri zimene zidapulumuka zidapulumukira m'zipinda za anthu wamba amene ena ankawaseka kuti akusunga zinyalala.

Ku Alamogordo kuja, Warshaw mwiniwake adali pakati pa khamu pamene masewera ake ankatuluka m'dothi. Munthu amene adayang'anira ntchito yotaya mu 1983 adanena kuti adakwirira makatiriji pafupifupi 728,000, ndipo zidaoneka kuti sadali a E.T. okha: mudali mitundu yambiri, ina mwa iyo yotchuka ndithu. Okumbawo adatulutsa pafupifupi 1,300 basi, dzenje n'kulikwiriranso. Akuluakulu a mzinda adagulitsa mazana angapo a makatirijiwo paokushoni ya paintaneti napeza madola oposa 100,000, ngakhale kuti adali ophwanyika ndi onunkha dothi la kudzala. Ena adawapereka kunyumba zosungira zinthu zakale. Mu Disembala 2014 nyumba ya Smithsonian ya mumzinda wa Washington idalengeza kuti yalandira katiriji imodzi ya E.T. yofukulidwa ku Alamogordo, ndipo idaiika m'gulu limodzi ndi Brown Box. Ralph Baer adamwalira pa 6 mwezi womwewo, ali ndi zaka 92.